Cilumba ca Prince Edward ndi Maina Ace

Mudzi wa Pretoria uli kutali ndi nyanja, koma boma lace lisunga zilumba ziwiri zimene ziri m'nyanja yamcere ya kumwera, mamailosi oposa 1,000 kucokera ku Cape Town. Cacikulu ndico Marion, cacing'ono Prince Edward, ndipo pa cacing'onoco sipakhala munthu.

Tsono taonani za maina ace. M'caka ca 1663 Mdachi, Barent Lam, anapitirira pomwepo ndi ngalawa yace, nacicha Dina. Koma analemba malo ace molakwa, ndipo anzace pocifuna sanacipeze. Mu 1772 anafika Mfalansa, Marion du Fresne. Iyeyu poona phanga m'thanthwe lace anacicha Ile de la Caverne, ndiko kunena Cilumba ca Phanga, ndipo caka comweco anaphedwa ku New Zealand. Potsiriza, mu December 1776, James Cook anazicha zonse ziwiri dzina la Edward, mwana wa Mfumu George III, mnyamata wa zaka 9. Mnyamatayo ndiye anadzabala Mfumukazi Victoria, amene dzina lace Livingstone analipatsa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Amalinyero osaka nyama za m'nyanja ndiwo pambuyo pace anacha cacikuluco Marion.

Mwa atatuwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda mtunda. Ine ndiganiza kuti dzina la Mfalansa ndilo linali loyenera, popeza linanena cinthu cimene ciripo ndithu. Koma kwa masiku amenewo dzina linatsata mphamvu ya ngalawa.

Nkhondo yaciwiri itatha, boma la General Smuts linaopa kuti maiko ena angazitenge. Linatuma ngalawa yankhondo, Transvaal, ndipo mbendera inakwezedwa pa Marion pa 29 December 1947, pa Prince Edward pa 4 January 1948.

Pa Marion anamanga nyumba zoyesera nyengo. Mu 1949 anatengerako amphaka 5 kuti adye mbewa, koma pofika 1977 anaposa 3,000, natha mbalame zambirimbiri. Akatswiri a pa University ya Pretoria anagwira nchito yowacotsa kufikira 1991, ndipo mbewazo zinatsala. Pa Prince Edward sipanafike mphaka kapena mbewa. Kuyambira 1995 zilumbazi zisungidwa ndi lamulo lolimba, ndipo munthu sakoceza pa cacing'onoco wopanda cilolezo ca boma.