Bata

Mawu akuti bata amanena za kudekha kwa madzi mphepo ikaleka, ndipo timawatchulanso pokamba za mtendere pakati pa anthu. Koma panyanja bata limangotanthauza kuti palibe mafunde, silitsimikizira kuti zonse zili bwino. Mafuta akatayikira m'nyanja amayanga pamwamba pa madzi n'kuziziritsa timafunde ting'onoting'ono. Setilaiti ya radar, monga Sentinel-1 ya ku Ulaya, imaponya mphamvu yake pansi n'kuyeza imene yabwerera, usiku ngakhalenso kuli mitambo. Madzi a timafunde amaibweza, motero amawala pachithunzi. Madzi a bata amaitayira kumbali, n'kuoneka ngati banga lakuda. Sitima ya MV Wakashio itakakamira pamatanthwe ku Mauritius pa 25 Julayi 2020, n'kutaya mafuta pafupifupi matani 1,000 mu Ogasiti, zithunzi za setilaiti zinathandiza kuona kumene mafutawo ankalowera.

Wina angatsutse kuti malo opanda mphepo nawonso amada pachithunzi, choncho banga lokha si umboni. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake akatswiri sadalira chithunzi chimodzi. Amaika pamodzi zithunzi za masiku otsatizana, liwiro la mphepo ndi kayendedwe ka madzi. Bata lachilengedwe limatha kamphepo kakangodzuka, pamene la mafuta limatsalira, limatambasuka ndipo limayenda kumene madzi ndi mphepo zikulikankhira. Apo m'pamene amadziwa gombe loyenera kulitchinjiriza msanga. Tisathamangire kutamanda bata panyanja tisanafunse chimene chalibweretsa.