Kusankha TV yaikulu yoseweretsa magemu ku Blantyre

TV yoseweretsa magemu ndi wailesi ya kanema imene amailumikiza ku makina a gemu monga PlayStation, Xbox kapena Nintendo Switch. TV iliyonse yokhala ndi polowetsa chingwe cha HDMI imaonetsa gemu, koma si iliyonse imene imaonetsa bwino. Mumzinda wa Blantyre, ogula ambiri ndi mabanja, ophunzira, komanso eni timalo toseweretsa magemu m'madera monga Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Chirimba, komwe achinyamata amalipira kuti asewere mpira wa pa TV. Popeza ma TV amachokera kunja, mitengo yake imayendera mphamvu ya kwacha. Ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho kwa anthu ambiri TV yaikulu ndi katundu wogula kamodzi pa zaka zingapo.

Kukula kwa sikirini

Kukula kwa TV amakuyeza m'mainchesi, mopingasa, kuchokera pa ngodya ya m'munsi kufika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Motero TV ya mainchesi 43 ndi masentimita pafupifupi 109 mopingasa, ya 55 ndi 140, ndipo ya 65 ndi 165. M'lifupi mwake, ya mainchesi 55 imatenga malo pafupifupi masentimita 122, zomwe ndi zoyenera kuziyezeratu pa khoma kapena pa kabati.

Mtunda wokhalira umawerengedwa kuchokera pa kukula komweko. Kawirikawiri amachulukitsa muyezo wopingasa uja ndi 1.2 mpaka 1.6. Izi zikutanthauza mita 1.3 mpaka 1.7 pa TV ya mainchesi 43, ndi mamita 1.7 mpaka 2.2 pa ya 55. Pabalaza la nyumba zambiri za lendi, mainchesi 43 kapena 50 amakwanira. Ya 65 m'chipinda chopanikiza imatopetsa maso, chifukwa wosewera amachita kutembenuza mutu kuti aone mbali zonse za bwalo.

Kuchuluka kwa timadontho

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. TV yolembedwa HD Ready nthawi zambiri imakhala ndi timadontho 1366 m'lifupi ndi 768 m'litali. Ya Full HD, yomwe imatchedwanso 1080p, imakhala ndi 1920 ndi 1080, pamene ya 4K imakhala ndi 3840 ndi 2160, kuwirikiza kanayi timadontho ta Full HD. Mawu akuti HD Ready amasokoneza ogula ambiri. Pa mainchesi 32 kusiyana kwake sikudziwika kwenikweni, koma pa mainchesi 40 kupita m'tsogolo, mayina a osewera ndi zolemba zina zing'onozing'ono zimaoneka zosalongosoka.

Chofunika kwambiri ndi makina amene munthu ali nawo. PlayStation 3 ya mu 2006 ndi Xbox 360 ya mu 2005 zimaseweretsa magemu ambiri pa 720p. PlayStation 4 ya mu 2013 imafika pa 1080p, chimodzimodzinso Nintendo Switch ya mu 2017 ikalumikizidwa ku TV. Makina amene amatulutsa 4K ndi monga PlayStation 4 Pro ya mu 2016, komanso PlayStation 5 ndi Xbox Series X zomwe zinatuluka mu November 2020. Yemwe ali ndi PlayStation 4 wamba sapindula kwambiri ndi 4K, ngakhale kuti masiku ano ma TV ambiri atsopano a mainchesi 50 kupita m'tsogolo amabwera kale ali a 4K.

PlayStation 2 ya mu 2000 ilibe HDMI. Imagwiritsa ntchito zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, ndipo ma TV ena atsopano alibe polowetsa zingwe zimenezi.

Kuchedwa kwa chithunzi

Apa m'pamene TV yoonera mafilimu imasiyanirana ndi yoseweretsa gemu, koma n'zimene sizilembedwa kawirikawiri pa katoni. Munthu akadina batani pa padi, pamapita kanthawi kuti zimene walamula zioneke pa sikirini. Kanthawi kameneka amakayeza m'mamilisekondi, ndipo sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. TV ya 60 Hz imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi pafupifupi 16.7. Ma TV amakono amayamba akongoletsa chithunzicho asanachionetse: amasalaza kayendedwe, amakometsa mitundu ndiponso amachotsa tizitsotso. Ntchito imeneyi imadya nthawi, moti pa ma TV ena kuchedwaku kumafika mamilisekondi 100 kapena kuposa. Woonera filimu sadziwa n'komwe. Koma mu EA Sports FC, dzina limene magemu a FIFA anatenga mu 2023, kapena mu eFootball, Tekken ndi Mortal Kombat, wosewera amamva ngati padi ndi yolemera, mpira umachoka mochedwa, ndipo nthawi zambiri mlandu umagwera padi yosalakwa.

Mankhwala ake ndi Game Mode, yomwe imapezeka mu menyu ya chithunzi. Ikayatsidwa, TV imasiya zokongoletsa zambiri zija ndipo pa ma TV abwino kuchedwa kumatsika kufika pa mamilisekondi 10 mpaka 20. Ma TV ena ali ndi ALLM, imene imayatsa yokha Game Mode ikazindikira kuti gemu yayamba. TV yaing'onoko yokhala ndi Game Mode yogwira bwino ntchito imaposa yaikulu imene ilibe, makamaka kwa mwini malo oseweretsa magemu, amene makasitomala ake sachedwa kusamukira kwina.

Palinso nkhani ya manambala a pa katoni. Mawu monga Motion Rate, TruMotion ndi Motionflow amatsagana ndi manambala aakulu, 120 kapena 200, koma manambalawa si liwiro lenileni la sikirini. Ma TV ambiri otchipa ndi a 50 kapena 60 Hz basi. Kuti munthu asewere pa 4K ndi 120 Hz pamafunika sikirini ya 120 Hz yeniyeni, polowetsa pa HDMI 2.1, chingwe choyenera, ndi PlayStation 5 kapena Xbox ya m'badwo womwewo. Ma TV otere ndi odula kwambiri, ndipo magemu ambiri amaseweredwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Pamene ndalama zili zochepa, 120 Hz ndi chinthu choyamba kuchisiya. HDR nayonso imalembedwa pa ma TV ambiri otsika mtengo, koma sikirini ikakhala yosawala mokwanira, phindu lake limakhala lochepa.

Mitundu ya sikirini

Ma TV ambiri a m'masitolo ndi a LED, omwe kwenikweni ndi LCD younikiridwa ndi timagetsi ta LED kumbuyo. Alipo a VA, amene mtundu wakuda umaoneka wakudadi koma chithunzi chimafwifwa ukachionera chammbali, ndi a IPS amene amaoneka bwino kumbali zonse koma mdima wake umakhala wotuwirako. Pamalo pomwe anthu ambiri amaunjikana n'kumaonera masewera, IPS ndiyo imathandiza. OLED ili ndi chithunzi chokongola koposa koma ndi yodula, ndipo zinthu zokhazikika pamalo amodzi kwa maola ambiri, monga kabokosi koonetsa zigoli, zikhoza kusiya chipsera pa sikirini. Ma TV a plasma enieni, amene Panasonic, Samsung ndi LG anasiya kupanga cha m'ma 2014, ali ndi vuto lomwelo komanso amadya magetsi ambiri. Ku Malawi anthu ambiri amatchula TV iliyonse yopyapyala kuti plasma, choncho wogulitsa akanena mawuwa sizitanthauza kuti ndi plasma yeniyeni.

Magetsi

Magetsi a ku Malawi ndi a 230 V pa 50 Hz, ndipo masoketi ake ndi a mano atatu a makona ngati a ku Britain. TV yochokera ku South Africa imagwira ntchito bwinobwino koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira, motero imafuna adaputala. Yochokera ku America, komwe magetsi ndi a 120 V, kapena ku Japan komwe ndi a 100 V, ikhoza kupsa ngati kumbuyo kwake sikunalembedwe kuti imalandira 100 mpaka 240 V.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ESCOM ndi imene imagawa. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzimazima kunakula mpaka mu 2023. Chimene chimapha ma TV si kuzima kwenikweniko, koma mphamvu imene magetsi amabwera nayo poyaka, komanso ziphaliwali za m'nyengo ya mvula. N'chifukwa chake kachipangizo koteteza, kotchedwa TV guard, kamene kamadikira kanthawi kasanalole magetsi kudutsa, kamawerengedwa pa mtengo wa TV. Kwa ogwiritsa ntchito sola ndi mabatire, invetala ya pure sine wave ndi imene imagwirizana bwino ndi makina a gemu.

Yunitsi imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. TV ya LED ya mainchesi 55 imadya mawati cha m'ma 100, ndipo PlayStation 5 imadya cha m'ma 200 gemu ili mkati. Zonse pamodzi zimatha yunitsi imodzi m'maola atatu ndi mphindi 20.

Kogula ndi kuyesa

Ma TV atsopano amapezeka m'masitolo a pakatikati pa mzinda, monga a m'misewu ya Haile Selassie ndi Victoria Avenue, ku Chichiri, komanso ku Limbe komwe masitolo ndi ambiri ndipo kunenerera mtengo n'kololedwa. Mayina odziwika ndi Samsung, LG, Sony, Hisense ndi TCL. Ena amaitanitsa kwa abale a ku Joni, TV n'kubwera pa basi kudzera pa chipata cha Mwanza. Njira imeneyi imaoneka yotchipa mpaka munthu ataonjezerapo ndalama yonyamulira ndi msonkho wa MRA, ndipo sikirini ikasweka m'njira, kusintha ina kumadula pafupifupi ngati TV yatsopano. Waranti ya ku South Africa nayo ndi yovuta kuitsatira uli ku Machinjiri.

Pamsika pamapezekanso ma TV achinyengo, omatidwa dzina la kampani yotchuka kapena olembedwa 4K pomwe sikirini yake ndi ya timadontho tochepa. Ogula odziwa amapita ndi makina awo a gemu ndi padi n'kuyesera pomwepo. Amayang'ana ngati Game Mode ilipo, amayesa polowetsa HDMI paliponse, ndipo amafananitsa nambala ya pa katoni, ya kumbuyo kwa TV ndi ya mu menyu. Chithunzi cha mtundu umodzi, choyera kenako chakuda, chimaulula timadontho takufa, mizere ndi mabala a mdima, zomwe n'zofunika kwambiri pa TV yogwiritsidwapo kale ntchito. Mawanga oyera kapena chithunzi chopita ku buluu ndi chizindikiro choti timagetsi ta kumbuyo tatopa. Timeneti amisiri a ku Limbe ndi ku Ndirande amatha kusintha.

Lisiti lolembedwa nambala ya TV ndi nthawi ya waranti ndi limene limagwira ntchito pakabuka vuto. Madandaulo okhudza katundu wachinyengo kapena wogulitsa wokana kulemekeza waranti amapita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndiponso bungwe la Consumers Association of Malawi limalankhulira ogula pa nkhani zotere.