Ulendo wa ku Nyika, Vwaza ndi Livingstonia: Zoyenera kudziwa

Amalawi ambiri amamva za mapiri a Nyika m'kalasi kapena pa wailesi, koma ndi ochepa amene anapondako. Ulendo woyendera malo achilengedwe a m'chigawo cha kumpoto nthawi zambiri umayambira ku Mzuzu, kudzera ku Rumphi, ndipo umafuna masiku anayi kapena asanu.

Nyika

Nkhalango ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndiyo inali yoyamba kutetezedwa mwa mtundu umenewu m'dziko muno. Inakulitsidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000, ndipo ndi yaikulu kuposa zonse m'Malawi. Imakhudza maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga, pomwe kachigawo kena kali m'dziko la Zambia. Nsonga yake yaitali kwambiri ndi Nganda, yomwe ndi yotalika mamita oposa 2,600.

Alendo amalowera pa chipata cha Thazima n'kukagona ku Chelinda. Pamwamba pa phirili pali zitunda za udzu zotambalala, kotero nyama monga mbidzi, nchefu, mphoyo, mbawala ndi njiri zimaoneka patali. Kulinso akambuku ndi afisi, mitundu ya mbalame yoposa 400 komanso mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, omwe amamasula nthawi ya dzinja. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde.

Vwaza

Kummwera kwa Nyika kuli malo osungirako nyama a Vwaza, omwe ndi achigwa komanso otentha. Pa nyanja yaing'ono ya Kazuni pamakhala mvuu zambiri, ndipo m'chilimwe njovu ndi njati zimabwera kudzamwa madzi. Mlendo asamale ndi ntchentche za kashembe, zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Ntchentchezi zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho ndi bwino kuvala zowala, za manja aatali.

Livingstonia ndi Karonga

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako Dr Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894 pothawa malungo a m'mphepete mwa nyanja. Nyumba yake yamiyala, Stone House, lero ikusunga zinthu zakale. Chapafupi pali mathithi a Manchewe, ndipo kuseri kwake kuli mapanga omwe anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Olimba miyendo amayenda pansi masiku atatu kuchokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, motsogozedwa ndi mlonda wa nkhalango.

Amene ali ndi nthawi angapitirire ku Karonga, kunyumba yosungirako zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kumeneko kuli chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chomwe chinatha kalekale ndipo mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo.

Chikhalidwe

Ku Rumphi ndi kwawo kwa Atumbuka, ndipo ufumu wa Chikulamayembe uli ku Bolero, komwe kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya. Gule wa Vimbuza, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ndi wochizira odwala mizimu. Mlendo ayenera kupempha chilolezo asanajambule, chifukwa ovinawo ena amakhala pa chithandizo cha sing'anga.

Kufunika kwa wotsogolera

Ku Nyika nkhungu imagwa mwadzidzidzi ndipo zitunda zimafanana, moti munthu angasochere ali pafupi ndi msasa. Wotsogolera amadziwa njira, makhalidwe a nyama ndi malo olemekezeka monga nyanja ya Kaulime. Misewu yambiri ndi yafumbi ndipo imaterera nthawi ya mvula, choncho pamafunika galimoto yolimba ndi mafuta okwanira othiridwa ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka chisanu kuuma pa udzu m'mamawa, ndiye zovala zamphepo zisaiwalike. Amalawi amalipira ndalama yochepa pa chipata poyerekeza ndi alendo akunja, bola aonetse chiphaso.

Mavuto omwe alipo

Pamene Nyika inkakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa pa malo a makolo awo, ndipo nkhaniyi ikadali m'mitima ya anthu ozungulira. Kupha nyama mozembera, moto wolusa ndi kukumba mizu ya orchid yopangira chikanda zikuopseza chilengedwe, pomwe njovu za ku Vwaza zimaononga minda ya anthu. Mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza.

Mitsinje monga North Rukuru ndi Wovwe imachokera ku Nyika, ndipo madzi ake amathirira minda ya mpunga ndi kupukusa magetsi. Nkhalangoyi ikaonongeka, oyamba kuvutika adzakhala alimi a ku Karonga ndi Rumphi. Mlendo amene walemba wotsogolera wa m'deralo ndi kugula chakudya m'midzi yozungulira amathandiza kuti anthuwo aone phindu la kuisamala.