Keyala ndi Wenela: Zilembo Zimene Zinasanduka Maina

Nkhalamba ikati, "Ine ndinali msilikali wa Keyala," kodi dzina limeneli linachokera kuti? Si Chicheŵa, si Chiyao, ndipo Mngelezi amene sangalizindikire atalimva. Ndi zilembo zitatu chabe, K.A.R., chidule cha King's African Rifles, gulu lankhondo limene Angelezi anakhazikitsa m'chaka cha 1902, lomwe chipilala chokumbukira asilikali ake chili ku Zomba. Mzungu ankatchula chilembo chilichonse pachokha. Makolo athu anamva liu limodzi, lilime nkuzilumikiza zitatuzo, basi Keyala wabadwa.

Kufupikitsa mau polemba nkwakalekale. Aroma ankazokota S.P.Q.R. pa miyala, kutanthauza nyumba ya malamulo ndi anthu a ku Roma, pakuti kusema mwala ndi ntchito yoŵaŵa. Zilembo I.N.R.I. zimene timaziona pa mtanda m'matchalitchi ena zikuimira mau anayi a Chilatini a pa chikwangwani cha Pilato. Komatu chidule chotere chinali chothandiza dzanja la wolemba. Woŵerenga ankayenera kudziŵa mau athunthu. Chizoloŵezi chomangotchula zilembo pakamwa, ngati kuti ndilo dzina lenileni, chinakula pambuyo pake, pamene maofesi, makampani ndi magulu ankhondo a maina ataliatali anachuluka. Kwathu kuno chinafika ndi bwana D.C.

Apa ife oulutsa mau tili ndi kamlandu. Timathamangitsa zilembo pa wailesi ngati aliyense anapita kusukulu, osaima nkumasulira. Mlimi anadzithandiza yekha: ADMARC, imene inayamba mu 1971, anaitcha Adimaki, ndipo ankadziŵa bwino lomwe kuti nkumene kuli sikelo, ngakhale mau asanu a Chingelezi obisala m'dzinamo sanawamvepo.

Koma dzina limene linaloŵa m'nyumba zambiri ndi Wenela. Pa pepala linali W.N.L.A., Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ku Joni. Zilembo zinayi zoumazo sizikanatheka pakamwa, choncho anthu anaziika mnofu. Mai akati, "Bambo aŵo anapita pa Wenela," sankanena za bungwe ai. Ankanena za munda wolima yekha ndi kalata yochedwa kufika. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi 74 obwerera kwao anafera pomwepo. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu. Pamene ulendo wa kumigodi unayambanso mu 1977, bungwelo linali litatenga dzina lina, The Employment Bureau of Africa. Zilembo zake, T.E.B.A., zinagwa bwino m'kamwa popanda wozikonza, ndipo anthu anangoti Teba. Ku Blantyre, komabe, malo okwerera basi pafupi ndi siteshoni ya sitima anthu akuwatchulabe kuti pa Wenela.