Mbiri ya p53, Mlonda Wolamula Selo Kuti Life

Kwa nthawi yaitali khansa inkadziwika ngati matenda a maselo oswana mopanda malire. Zinatenga zaka kuti akatswiri azindikire kuti ndi matendanso a maselo okana kufa.

Mu 1971, Alfred Knudson, atafufuza khansa ya m'maso mwa ana, ananena kuti chotupa chimayamba selo likawonongeka kawiri. Apa ndi pomwe panamera ganizo lakuti thupi lili ndi jini yotchinga khansa, imene timalandira kwa mayi ndi kwa bambo. Chaka chotsatira ku Aberdeen, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie anafotokoza imfa ya selo yadongosolo, naitcha apoptosis. Selo limafota, limagawika tizidutswa, ndipo maselo oyandikana nalo amameza tizidutswato popanda kutupa kulikonse.

Chimene chinadzalumikiza mfundo ziwirizi ndi puloteni ya p53. Anaitulukira mu 1979, mwa ena David Lane ku London ndi Arnold Levine ku Princeton. Poti inkapezeka yochuluka m'zotupa, kwa zaka pafupifupi 10 anthu ankaiyesa yoyambitsa khansa. Mu 1989, gulu la Bert Vogelstein linasonyeza kuti p53 ya m'khansa ya m'matumbo ndi yowonongeka, kutanthauza kuti yabwinobwino imateteza. Mu 1991, gulu la Moshe Oren ku Israel linaibwezera m'maselo a khansa ya m'magazi, ndipo maselowo anafa.

Lero ntchito yake ikudziwika bwino. DNA ikavulala, p53 imaimitsa selo kuti likonzedwe. Kukonza kukakanika, imadzutsa mapuloteni monga PUMA ndi BAX. Awa amachititsa kuti tizigawo ta m'selo totchedwa mitochondria tibooke, kenako mapuloteni otchedwa ma caspase amaphwasula selo lonse. Pafupifupi theka la khansa za anthu zili ndi p53 yowonongeka.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno kwathu. Mu 1990 zinadziwika kuti kachilombo ka HPV kali ndi puloteni ya E6 yowononga p53, motero selo lodwala limapitirira kukhala moyo n'kumaswana. Umu ndi mmene khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri ku Malawi, imayambira. Katemera wa HPV, amene atsikana anayamba kulandira m'dziko lonse lino mu 2019, amatsekereza kachilomboko kasanafike pa mlondayu. Choncho kholo lililonse lionetsetse kuti mwana wake wamkazi wabayitsa.