TCAS: kodi tindege totera ku Karonga tikufunika chipangizochi?

TCAS ndi chipangizo chochenjeza woyendetsa ndege kuti ndege ina yayandikira, kuti zisagundane m'mwamba. Bungwe la ICAO limachikakamiza pa ndege zikuluzikulu, zolemera kuposa makilogalamu 5,700 kapena zonyamula anthu oposa 19. Tindege tating'ono timene mumationa pa bwalo la Karonga, mwini wake amasankha yekha kugula kapena ayi.

Vuto lake, chimangoona ndege yomwe yayatsa transponder. Phiri sichiliona ayi. Kuno kumpoto ndege n'zochepa m'mwambamu, koma mapiri a Misuku ndi Nyika ndiye osanena, chifunganso chake. Ndege yomwe anakwera malemu a Saulos Chilima pa 10 June 2024 sinagundane ndi inzake, inagwa m'mapiri a Chikangawa nyengo itaipa. Ngati ndalama zili zochepa, bola kuyamba ndi TAWS, chochenjeza phiri likayandikira.