Sitima Zopanda Mutu za ku Johannesburg

Pamene boma la South Africa linakankhira anthu akuda kumakomboni akutali ndi mzinda, monga Soweto, panatsala funso lakuti, kodi khamu lonselo lidzafika bwanji kunchito m'mamawa? Yankho lace linali sitima za magetsi zochedwa 5M2, zimene zinayamba kubwera m'caka ca 1958 kucokera ku fakitale ya Metro-Cammell ku Birmingham. Kuyambira 1962 zinzace zochedwa 5M2A zinapangidwa ku Nigel, m'dziko momwemo.

Sitima zimenezi zinalibe mutu wokoka. Mkono wacitsulo wa padenga unali kukhudza waya wa pamwamba wa mavolti 3,000, ndipo mphamvuyo inali kutsikira ku makina ozunguza magudumu pansi pa mabogi ena. Mabogi otsalawo anali kungokokedwa. Popeza magudumu okoka anali ambiri, sitima inali kunyamuka msanga pa sitesheni iri yonse. Kutsogolo ndi kumbuyo komwe kunali cipinda ca woyendetsa, motero pobwerera iye anali kungosintha mbali, osatembenuza sitima. Njanji yace inali yotakata mapazi 3 ndi mainchesi 6, monga ya ku Livingstone.

Koma makina abwino sanaongole lamulo lokhota. Azungu anali ndi mabogi ao ao, pamene anthu akuda anali kupanikizana, ena kulendewera pazitseko. Mtunda umene sitimazo zinali kufupikitsa tsiku ndi tsiku unali woikidwa dala ndi boma lomwelo.